Kuthamanga pachitunda mopumira kuti mpweya uchuluke

Kuseri kwa kumene ndimakhala ku Blantyre kuli kamsewu kafumbi kokwera cha kuphiri la Soche. Kuchokera pamjigo kukafika pamtengo wa mango umene uli pamwamba pa chitundacho, umadutsa mapolo a magetsi 9. Tsiku langa loyamba pamenepo ndinanyamuka ndi liwiro langa lonse. Pofika polo yachinayi miyendo inali italemera ngati ndamangirira njerwa, kukhosi kuli gwa, pachifuwa pakutentha. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu. Mayi wina amene ankapita kuchigayo, thumba la chimanga lili pamutu, anaima n'kufunsa, "Achimwene, kwagwanji? Mukudwala?" Nditawayankha kuti ndangotopa, anapitiriza ulendo mpaka kukabisika kuseri kwa mango uja, osaima ngakhale kamodzi. Mayi aja ankachidziwa chitundacho, ankadziwanso mlingo wa thupi lawo. Ine zonse ziwirizi ndinali ndisanaziphunzire.

Mpweya tikunenawu ndi chiyani?

Wosewera mpira akafooka m'chigawo chachiwiri timati alibe mpweya, ndipo ambirife timaganiza za mapapo. Koma kwa munthu wathanzi, mapapo si amene amayamba kugonja. Nkhani yaikulu imakhala pa mtima: kuchuluka kwa magazi amene ungathe kupopa kupita ku minofu, poti magaziwo ndi amene amanyamula okosijeni. Munthu akakhala phee, mtima wake umapopa malita pafupifupi 5 pa mphindi. Akamathamanga mwamphamvu umafika malita 20 kapena kuposerapo, ndipo akatswiri othamanga mitunda italiitali amadutsa 30. Madokotala a zamasewera amayeza kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito pa mphindi imodzi pamene munthu akupereka mphamvu zake zonse. Muyeso umenewu amautcha VO2max. Ndiwo mpweya umene tikufuna kukulitsa.

Mtima ndi mnofu ngati minofu ina. Umalimba ukagwira ntchito pafupi ndi mapeto a mphamvu zake kwa mphindi zingapo, n'kupumako, n'kubwerezanso. Kupumirako si ulesi ayi. Munthu amene sangakwanitse mphindi 16 zotsatizana pa mlingo wotere amazikwanitsa bwinobwino akazidula panayi, ndipo mtima umapindula ndi mphindi zonse 16.

Nanga chitunda chikulowapo bwanji? Pamalo athyathyathya, kuti mtima ukwere chotero pamafunika liwiro lalikulu, ndipo liwirolo ndi limene limakoka minofu yakumbuyo kwa ntchafu ndi kupweteka maondo a munthu amene sanazolowere. Pachitunda liwiro limakhala lochepa, phazi limafika pansi msanga ndipo siligunda mwamphamvu, koma mtima umakwera mofulumira chifukwa sitepe iliyonse mukunyamula thupi lonse kulikweza m'mwamba. Mumapeza phindu la kuthamanga mwamphamvu popanda kulipira mtengo wonse wa liwiro.

M'chaka cha 2007, Jan Helgerud ndi anzake a pa yunivesite ya ku Trondheim m'dziko la Norway anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene ophunzitsa masewera amamutchulabe mpaka lero. Anatenga amuna 40 n'kuwagawa m'magulu anayi. Onse ankathamanga katatu pa sabata kwa masabata 8, pa makina othamangirapo otchedwa treadmill, opendeketsedwa ngati kachitunda kokwera mamita 5 pa mamita 100 alionse. Gulu lina linkathamanga pang'onopang'ono nthawi yaitali, lina mwapakatikati, lachitatu masekondi 15 amphamvu n'kupuma masekondi 15, ndipo lachinayi mphindi 4 zamphamvu kanayi, kupumira mphindi 3 pakati. Gulu la mphindi 4 lija VO2max yawo inakwera ndi maperesenti 7.2, la masekondi 15 ndi maperesenti 5.5, pamene magulu awiri oyambawo sanasinthe kwenikweni. Mwa othamanga mopumira aja, magazi otuluka mumtima pa kugunda kulikonse anachuluka ndi maperesenti pafupifupi 10. Njira ya mphindi 4 kanayi imeneyi ndi imene tifikeko kumapeto kwa dongosolo lathu la masabata 8 limene lili m'munsimu.

Koma wina asamve ngati kuthamanga pang'onopang'ono kulibe ntchito. Ndiwo maziko. Arthur Lydiard wa ku New Zealand, amene anaphunzitsa Peter Snell mpaka kupambana golide pa mamita 800 ku Rome mu 1960, kenako mamita 800 ndi 1,500 ku Tokyo mu 1964, ankayamba ndi miyezi ya mitunda italiitali yothamanga modekha, ndipo masabata a zitunda ankabwera pambuyo pake. Dongosolo limenelo lisasinthe.

Choyamba, dzifunseni ngati thupi lakonzeka

Muyeso wake ndi wosavuta. Kodi mumatha kuthamanga mphindi 30 osaima, katatu pa sabata, ndipo mwakhala mukutero kwa mwezi wathunthu? Ngati ayi, yambani pamenepo. Chitunda mutha kumachikwera poyenda ndawala, ndipo kwa munthu wongoyamba kumene kapena wonenepa, ndawala yapachikweza imakweza mtima mokwanira ndithu.

Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu, vuto la mtima, kapena wina m'banja mwanu anamwalira mwadzidzidzi ndi mtima ali wamng'ono, kaonaneni kaye ndi dokotala. Chimodzimodzi ngati mwadutsa zaka 40 ndipo papita nthawi yaitali musanachite masewera olimbitsa thupi. BP nthawi zambiri siwawa paliponse. Ambiri amaidziwa atayezetsa. Kuyezetsa n'kwa mphindi zochepa chabe. Amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene atsate zimene a chipatala awauza.

Chachiwiri, pezani chitunda choyenera

Apa ambiri amalakwitsa posankha chikweza chochititsa mantha, chija ngakhale a kabaza amatsika n'kumakankha njinga. Chimenecho chimatopetsa akatumba ndi ntchafu mtima usanafike pamene tikuufuna. Mufunika chitunda chofatsa, chokwera mamita 4 mpaka 8 pa mamita 100 alionse. Mulibe choyezera? Onani wanjinga wopanda katundu: ngati akukwera ataimirira pa mapedulo koma osatsika, chitundacho ndi chanu. Mukathamangapo, muzimva kuti mukuthamangadi, osati kukwawa.

Chikhale chachitali moti mutha kukwera mphindi zitatu kapena zinayi chisanathe. A ku Blantyre, Zomba, Dedza, Ntcheu, Thyolo, Mulanje ndi Mzuzu sangasowe. Mwina chili pakhomo pomwe. Msewu wokwera ku Zomba Plateau ndi wautali mokwanira, bola kusamala galimoto m'makona. Ku Lilongwe zitunda n'zosowerapo, koma misewu yotsikira kumitsinje imakhala ndi kachikweza pobwerera, ndipo amene amapita ku jimu angopendeketsa treadmill pa maperesenti 5 kapena 6. Ngati chitunda chanu n'chachifupi, yambirani patali pang'ono pamalo athyathyathya kuti mufike patsinde pake mtima utayamba kale kukwera. Ine pa mphindi 4 ndimayambira pakamlatho kumunsi kwa mjigo uja.

Msewu wafumbi wolimba umaposa tala. Yendanipo kaye masana muone maenje, miyala yoterereka, ngalande ndi nyumba zimene zili ndi agalu. Sankhani zizindikiro zosasuntha: polo, mtengo, chulu, geti ya tchalitchi. Zimenezi zidzakhala wotchi yanu yachiwiri.

Chachitatu, phunzirani mlingo wake

Pano ndichedwapo, chifukwa zonse zagona apa.

Mlingo umene tikufuna ndi wakuti mtima uzigunda pa maperesenti 90 mpaka 95 a mapeto ake. Njira yachidule yoyerekezera mapetowo ndi kuchotsa zaka zanu pa 220. Wa zaka 40 apeza 180, ndiye kuti pokwera mtima wake uzifika pakati pa 162 ndi 171 pa mphindi. Masamu amenewa ndi ongoyerekeza. Anthu a zaka zofanana amatha kusiyana ndi 10 kapena kuposa. Ngati mulibe wotchi yoyeza mtima, mukangofika pamwamba ikani zala ziwiri pamtsempha wapakhosi, pambali pa kholingo, osakanikiza kwambiri, muwerenge kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Wa zaka 40 uja apeze 40 mpaka 43. Werengani nthawi yomweyo, chifukwa mtima umayamba kutsika mukangoima.

Koma choyezera chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi pakamwa. Mukamakwera, muzitha kutulutsa mawu awiri kapena atatu okha, monga "tiyeni, tatsala pang'ono," osati kucheza. Ngati mukutha kufotokoza za mpira wa dzulo, mukuchedwa. Ngati simungathe ngakhale kuyankha moni, mwapyola.

Dziwaninso kuti mtima sukwera nthawi imodzi. Pamatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ufike pa maperesenti 90 aja. N'chifukwa chake mphindi yoyamba imanamiza: thupi limamveka lopepuka, ndipo mtima umakuuzani kuti wonjezerani. Musawonjezere. Amene amanyamuka ndi phuma amadzaza miyendo ndi kutentha kuja, liwiro n'kugwa, n'kumaliza akudzikoka kapena kusiyira panjira, monga ndinachitira ine pa polo yachinayi. Akatero wagwiritsa ntchito mphamvu zamtundu wina, zija za mpikisano wa mamita 200, ndipo mtima wakhala pamwamba kwa kanthawi kochepa kwambiri. Watopa zedi koma chimene anabwerera sanachipeze.

Lamulo limene ndimatsata ndi ili: ulendo womaliza ufike pamene unafika woyamba. Ngati ulendo woyamba wa mphindi 2 munafika pa polo yachisanu ndi chimodzi, wachisanu ufikenso pomwepo kapena kupitirira pang'ono. Ukaperewera ndi polo yathunthu, munayamba mothamanga kwambiri. Sabata yamawa chepetsani. Ndipo pomaliza penipeni muzimva kuti mukanakakamizidwa mukanatha ulendo wina umodzi. Umenewo musauchite. Usiyeni m'thupi.

Chachinayi, tsiku lenilenilo

Yambani ndi kutenthetsa thupi. Thamangani modekha mphindi 10 mpaka 15 pamalo athyathyathya mpaka kathukuta kayambe. M'mwezi wa June ndi July, makamaka kukagwa chiperoni, onjezerani mphindi zina 5, poti minofu yozizira sichedwa kukokeka. Kenako gwedezani miyendo kutsogolo ndi kumbuyo, kwezani maondo kangapo, ndipo thamangani mofulumirirapo masekondi 15 kawiri kapena katatu kuti thupi lidziwe zimene zikubwera.

Pokwera, fupikitsani masitepe. Chitunda chikamakula, sitepe izichepa koma miyendo izisinthana mofulumira. Thupi lonse lipendekere kutsogolo pang'ono kuyambira kumapazi, osati kupinda m'chiuno ngati mukulima, chifukwa mukapinda mumapanikiza mimba ndi chifuwa ndipo mpweya sulowa bwino. Maso ayang'ane mamita angapo kutsogolo, osati pa zala za kumapazi kapena pamwamba penipeni pa chitunda. Zigongono zikhale zopinda ndipo zizikankhira kumbuyo. Miyendo ikayamba kulemera, manja ndi amene amaikoka. Mapewa agwe, zibakera zisafumbatidwe zolimba. Pumirani pakamwa ndi m'mphuno momwe, musachite manyazi ndi wefuwefu. Phazi lizitera chapakati, ndipo chidendene muzichilola kukhudza pansi. Kukwera chonyang'ama ulendo wonse kumapweteka mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene, ndipo umenewo ukatupa umatenga miyezi kuti uchire.

Nthawi ikakwana, musagwe pansi kapena kuima chilili. Tembenukani n'kuyamba kutsika poyenda, ndipo mpweya ukabwerera thamangani pang'onopang'ono. Kuyendako kumathandiza magazi kubwerera kumtima. Kuima mwadzidzidzi n'kumene kumabweretsa chizungulire.

Mtsetse ndi umene umavulaza anthu ambiri, osati chikweza. Potsika, phazi limagunda pansi mwamphamvu kuposa pamalo athyathyathya, ndipo minofu yakutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki. Ululu uja umabwera tsiku lachiwiri, woti kukhala pampando kumavuta, wambiri umachokera kumtsetse. Choncho tsikani ndi masitepe aafupi, mwaulemu, ndipo masabata oyamba muzingoyenda.

Pali kanthu kena kamene mudzakumana nako mukafika pa maulendo aatali: mtunda umene mwakwera m'mphindi 4 simungautsike wonse m'mphindi 3 mukuyenda. Pachitunda chachitali si vuto, mumangotembenukira pamene mwafika n'kuyambanso kukwera, ulendo uliwonse kumathera pamwamba kuposa wapitawo. Pachitunda chachifupi lolani kupuma kutalikirepo kuti mukafike patsinde. Kusiyana kwake n'kochepa, ndipo kuli bwino kutero kusiyana n'kuthamangira kumunsi kuti mupikisane ndi wotchi.

Mukamaliza, thamangani modekha kapena yendani mphindi 10, kenako wongolani akatumba ndi ntchafu. Zonse pamodzi sizidutsa ola limodzi.

Chachisanu, masabata 8

Sabata yoyamba ndi yachiwiri, kwerani mphindi imodzi maulendo 6, kutsika poyenda mpaka patsinde. Kamodzi pa sabata basi. Ziwoneka zochepa, ndipo ziyenera kuwoneka choncho: mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa mitsempha ndi mafupa, ndiye tikupatsa mpata zochedwazo.

Sabata yachitatu ndi yachinayi, mphindi 2 maulendo 5, kupuma mphindi 2 kapena 3. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, mphindi 3 maulendo 4, ndipo ngati thupi lili bwino mutha kuyamba kupita kuchitunda kawiri pa sabata, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachisanu. Masabata awiri omaliza ndiwo a mphindi 4 maulendo 4, kupuma mphindi 3.

Anthu a ku Trondheim aja ankachita katatu pa sabata, koma anali amuna ozolowera kale masewera, pa makina opanda mtsetse, akuyang'aniridwa. Kwa ife othamanga pamsewu, amene tikaweruka pamenepo tikupita kuntchito, kumunda kapena kumsika, kawiri n'kokwana. Musachite masiku awiri otsatizana. Ngati sabata ina yakuvutani, ibwerezeni m'malo molumphira kutsogolo.

Mwina munaonapo anyamata a mpira akuthamanga pachikweza ndi liwiro lonse masekondi 10 okha, n'kupuma nthawi yaitali. Zimenezo n'zabwino, koma zimakulitsa mphamvu ndi liwiro la miyendo. Ndi ntchito ina, musaisakanize ndi iyi tsiku limodzi.

Masiku apakati

Thupi silikula pachitunda. Limakula mukapuma pambuyo pake. Masiku ena awiri kapena atatu a sabata thamangani modekha mphindi 30 mpaka 45, pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu. Ambiri amawononga apa: tsiku lofatsa amalithamanga mwamphamvu, n'kufika kuchitunda ali otopa kale, ndiye masiku onse amangokhala apakatikati. Tsiku limodzi pa sabata musathamange n'komwe.

Musapite kuchitunda mutangodya nsima; papite maola atatu. Ngati mumathamanga m'mamawa, nthochi imodzi kapena kachidutswa ka mbatata ndi madzi pang'ono zikwanira. Mukabwerako idyani chakudya chenicheni: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira, ndipo masana nsima ya nyemba kapena usipa ndi masamba. Simufunika zakumwa zodula za m'mabotolo. Gonani mokwanira.

M'miyezi ya October ndi November tulukani dzuwa lisanatuluke. Kukatentha mtima umagunda mofulumira ngakhale liwiro lili lomwelo, choncho tsatirani kapumidwe kanu, osati mapolo, ndipo musadandaule mukaperewera pa chizindikiro chanu. Imwani madzi tsiku lonse, osati kungokhuthulira m'mimba nthawi yonyamuka. Nthawi ya dzinja dothi lofiira limaterera ngati sopo. Sankhani msewu wamiyala kapena tala. Nsapato za pakaunjika zilibe vuto bola zikhale zokukwanani, zosadyeka mbali imodzi, ndipo kunsi kwake kukhale ndi mano. Ngati mukuthamanga kusanache, valani chowala, yang'anizanani ndi galimoto zobwera, ndipo ndi bwino kukhala awiri.

Nthawi yoti musiye

Mukamva kupweteka kapena kufinya pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, chizungulire, maso kuchita mdima, kapena mtima kugunda modumphadumpha, imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezi si zolimbana nazo. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pothamanga mwamphamvu, makamaka minofu ikuwawa kwambiri, ndi chizindikiro choti minofu yawonongeka ndipo impso zili pangozi, thamangirani kuchipatala.

Thupi likatentha, kaya ndi malungo kapena chimfine chachikulu, chitunda chidikire. Mukamaliza mankhwala a malungo musabwerere msanga: malungo amachepetsa magazi, ndipo magaziwo ndi amene akunyamula mpweya tikuufunawu. Yambani ndi kuyenda, kenako kuthamanga modekha kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pobwerera kuchitunda yambirani sitepe imodzi kumbuyo kwa pamene munasiyira. Ululu wa minofu wa mbali zonse ziwiri umene umatha pakapita masiku awiri kapena atatu ndi wabwinobwino. Ululu wa malo amodzi, pabondo, pamsongolo kapena kuseri kwa chidendene, umene ukukula mukamathamanga, ukufuna kupuma.

Mudziwa bwanji kuti mpweya wachuluka?

Musanayambe sabata yoyamba, pitani pabwalo lokhala ndi njira yothamangamo ya mamita 400, kapena pamsewu wathyathyathya umene mukudziwa kutalika kwake, muthamange mphindi 12 mmene mungathere n'kulemba mtunda umene mwafika. Mayeso amenewa anawayambitsa Dr Kenneth Cooper ku America mu 1968. Wozungulira bwalo kasanu ndi kamodzi, mamita 2,400, VO2max yake imakhala cha m'ma 42. Bwerezani pakatha masabata 8, nthawi yomweyo ya tsiku, malo omwewo.

Palinso zizindikiro zapakhomo. Werengani kugunda kwa mtima m'mamawa musanadzuke pabedi. Pakapita masabata kumatsika pang'onopang'ono. Tsiku limene mwapeza kuti kwakwera kwambiri kuposa masiku onse, thupi silinachire, ndiye musapite kuchitunda. Werenganinso mtima mukangofika pamwamba ndiponso pakatha mphindi imodzi: kusiyana kwa manambala awiriwo kukamakula, mtima ukulimba. Lembani zonsezi m'kope, pamodzi ndi polo imene mwafika. Kwa ine chizindikiro choyamba chinali chakuti m'sabata yachisanu ndi chimodzi ndinafika pa mango uja mphindi 3 zisanathe, ndipo ndinatha kuyankha moni wa bambo wina wogulitsa makala amene ankatsika ndi njinga yake.

Masabata 8 akatha, pumulani sabata imodzi ndi kuthamanga kofatsa kokhakokha. Mukasiyiratu, mpweya mwaupezawo umayamba kuchepa pakangopita masabata ochepa, koma kupita kuchitunda kamodzi pa sabata kumausunga. Amene mukulakalaka mpikisano wa Porters Race ku Mulanje, uja umayambira ku Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mphindi 4 kanayi zikupatsani mtima wake, koma muwonjezere ulendo umodzi wautali wa m'phiri pa sabata, wa maola awiri kapena atatu, wosakaniza kuyenda ndi kuthamanga, kuti ntchafu zizolowere mtsetse wamiyala. Yambani miyezi inayi mpikisanowo usanafike.